Ndere za sargassum: kuziona zikadali kutali, kuzichotsa zisanavunde ndi kupindula nazo

Ndere za sargassum zikakocheza pagombe, muli ndi masiku awiri okha. M'maola 48 oyambawo zimakhala zowala ngati uchi, zolimba, zomveka fungo la nyanja basi, ndipo munthu angathe kuzinyamula, kuziyanika ndi kuzigulitsa. Masiku awiriwo akadutsa zimayamba kuvunda, zimada bii, zimatulutsa mpweya wonunkha ngati mazira oola umene umadwalitsa anthu, ndipo palibenso fakitale imene ingazifune. Zonse zimene tifotokoze pano zagona pa masiku awiri amenewo.

Izi ndi ndere zofiirira za m'nyanja yamchere ya Atlantic. Zilibe mizu ndipo sizimera pamwala ngati ndere zina. Zimayandama moyo wawo wonse chifukwa cha timatumba ta mpweya tokula ngati nandolo, ndipo zimachulukana pothyoka: kanthambi kakaduka kamapitiriza kukula pakokha. Madzi akakhala ofunda ndiponso odzaza chakudya, mulu wa ndere ungathe kuwirikiza kawiri m'masabata awiri kapena atatu. Amene anaonapo namasupuni atatseka mtsinje wa Shire pa Liwonde ali nacho kale chithunzi chake, kungoti kuchuluka kwa izi ndi kwina. Kale zinkadziwika makamaka ku Sargasso Sea, dera la kumpoto kwa Atlantic, kumene amalinyero a Columbus anaziona mu 1492. Kuyambira mu 2011 zinayamba kuphuka kum'mwera kwake, pa lamba wautali wochokera kugombe la kumadzulo kwa Africa mpaka ku Gulf of Mexico. Mu Juni 2018 lambayu anatalika makilomita 8,850 ndipo analemera matani oposa 20 miliyoni. Chaka chomwecho boma la Barbados linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mu Meyi 2025 akatswiri a ku University of South Florida anawerengera matani oposa 37 miliyoni. Amene amavutika nazo ndi asodzi a ku Ghana, Sierra Leone, Côte d'Ivoire ndi Nigeria, anthu a pazilumba za ku Caribbean, ndi a m'mphepete mwa nyanja ku Quintana Roo m'dziko la Mexico.

Pakati pa nyanja ndere izi si zinyalala. Ndi mudzi wa tiana ta nsomba, nkhanu ndi akamba a m'nyanja, ndipo ku Sargasso Sea maboma anagwirizana zoziteteza pa pangano la Hamilton mu 2014. Malangizo awa ndi a ndere zimene zayandikira kumtunda, osati za kutali.

Kuziona zisanafike

Yambani ndi zithunzi za setilaiti, chifukwa ndi zaulere. Madzi amameza kuwala kosaoneka ndi maso kwa mtundu wa infrared pamene ndere zimakubweza, choncho makina a m'mwamba amatha kusiyanitsa ndere ndi madzi. University of South Florida ili ndi Sargassum Watch System, imene imaika mapu pa intaneti ndi kutulutsa lipoti mwezi ndi mwezi. Bungwe la NOAA la ku America limatulutsa mapu osonyeza magombe amene ali pa chiopsezo, powapaka mitundu. Météo-France, nthambi ya zanyengo ya ku France, imachita chimodzimodzi pa zilumba za Martinique ndi Guadeloupe komanso ku French Guiana, ndipo CERMES, nthambi ya kafukufuku ya ku University of the West Indies ku Barbados imatulutsa ulosi wa miyezi ingapo wa zilumba za kum'mawa kwa Caribbean. Sankhani munthu mmodzi kuti ikhale ntchito yake kutsegula masamba amenewa, kamodzi pa sabata nyengo ikakhala yabata, ndipo tsiku ndi tsiku kuyambira Malichi mpaka Sepitembala, pamene ku Caribbean ndere zimachuluka. Nthawi zambiri pachimake pamakhala mu Juni ndi Julayi.

Koma dziwani pomwe setilaiti imalephera, chifukwa ambiri amapusitsika apa. Makina a pa setilaiti otchedwa MODIS amajambula tsiku lililonse, koma kadontho kamodzi ka pa chithunzi chawo kamaimira dera la mamita mazana angapo mpaka kilomita yathunthu, ndiye milu ing'onoing'ono saiona. Setilaiti ya Sentinel-2 imaona mpaka mamita 10 koma imadutsa pamalo amodzi pafupifupi masiku 5 aliwonse. Mitambo imaphimba zonse. Kunyezimira kwa dzuwa pamadzi kumasokoneza. Pafupi ndi gombe, madzi osaya ndi udzu wa pansi pa nyanja zimaoneka ngati ndere. Choncho pamapu pakaoneka poyera, sizitanthauza kuti palibe kanthu. Kawirikawiri zimangotanthauza kuti kunali mitambo.

Mukaona mulu pamapu, werengerani tsiku lofika. Ndere zimayenda ndi mkokomo wa madzi, mphepo n'kumazikankha pang'ono. Madzi oyenda theka la mita pa sekondi amayenda makilomita 43 patsiku, ndiye mulu umene uli pa makilomita 130 kumbali yochokera madzi ungakupezeni m'masiku atatu. Kuti ukocheze pagombe lanu kapena udutse, zimenezo zimatengera mphepo ya masiku awiri omaliza. Magombe oyang'ana kum'mawa, kumene mphepo za chaka chonse zimachokera, ndiwo amalandira zambiri ku Caribbean. Gombe la kuseri kwa chilumba chomwecho lingakhale loyera mbee.

Pamakilomita 20 omaliza, asodzi amaposa setilaiti. Pangani gulu la WhatsApp la eni maboti, ndipo aliyense akakumana ndi ndere atumize zinthu zinayi: malo a GPS a pa foni, nthawi, chithunzi, ndi kukula kwake. Gwirizanani mawu oyezera kuti onse azilankhula chimodzi, monga timagulu tomwazika, mizere yaitali, mulu wofanana ndi boti, mulu wofanana ndi bwalo la mpira. Asodzi muziwabwezera nkhani ya zimene mapu akuonetsa, chifukwa iwonso ndere zimawatsekera njira ya madzi oziziritsa injini ndi kuwadzazira maukonde. Gulu lotenga nkhani osabweza kanthu silikhalitsa.

Kuyeza zimene zafika

Apa tikhalitsepo, popeza anthu ambiri amalemba ganyu ndi kubwereka magalimoto mongoyerekeza, kenako ndalama n'kutha ndere zikadalipo.

Gawani gombe m'zigawo za mamita 100 ndi kukhoma zikhomo zolemba manambala kumtunda, kumene mafunde safika. Pachigawo chilichonse sankhani malo amodzi ojambulira chithunzi, ndipo muzijambula mutaima pomwepo, mutayang'ana mbali yomweyo, pa ola lomwelo. Tsiku loyeza, pa mamita 20 aliwonse yezani m'lifupi mwa mzere wa ndere ndi tepi, ndipo yezani kuya kwake malo atatu pozika ndodo yolembedwa masentimita mpaka igunde mchenga. Pezani avereji. Kenako dzazani ndowa ya malita 20 osatsendera, muikhe madzi kwa mphindi imodzi ndi kuiika pasikelo. Chitani katatu, chifukwa kulemera kumasintha malinga ndi madzi ndi mchenga umene ulimo.

Tinene kuti chigawo ndi mamita 100, m'lifupi mamita 5, kuya masentimita 30. Amenewo ndi makiyubiki mita 150. Ngati ndere za m'ndowa zalemera makilogalamu 5, kiyubiki mita imodzi ndi makilogalamu 250, ndipo chigawo chimenecho chili ndi matani 37.5. Wilibala yonyamula makilogalamu 25 iyenda maulendo 1,500. Mukaona nambala imeneyo mudziwa nthawi yomweyo ngati anthu khumi akwanira kapena pafunika thalakitala. Dziwaninso kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a kulemerako ndi madzi, choncho matani 37.5 aja akauma atsala 7 kapena 8. Wogula amalipira zouma, pamene inu mumalipira mafuta onyamulira zonyowa.

Lembaninso mtundu wa ndere. Ilipo itatu yodziwika: Sargassum fluitans III ili ndi timinga pa tsinde ndipo imakhala yothithikana; Sargassum natans I ili ndi masamba opyapyala ngati singano ndi kansonga pamwamba pa kathumba ka mpweya; Sargassum natans VIII ili ndi tsinde losalala ndi masamba otambalala. Mafakitale ndi a labotale amafunsa zimenezi. Pomaliza lembani msinkhu wake: zowala ndi zatsopano, zofiirira kwambiri zagona tsiku limodzi kapena awiri, zakuda ndi zoterera zavunda.

Zikakhala zochepa, kamzere kopyapyala kouma pakokha, zisiyeni. Zimagwira mchenga, zimadyetsa mbalame ndi zomera za pagombe. Kusesa gombe mpaka kuyera tsiku lililonse kumalidya.

Mpweya woipa

Ndere zikavunda popanda mpweya wabwino zimatulutsa hydrogen sulphide, mpweya uja wonunkha ngati mazira oola, ndi wina wotchedwa ammonia. M'miyezi 8 yoyamba ya 2018 madokotala a ku Guadeloupe ndi Martinique analemba anthu oposa 11,000 amene anadwala nazo: mutu, maso kuyabwa, chifuwa, nseru, mphumu kuyambika. Mpweya womwewo umadetsa ndi kudya kopa, n'chifukwa chake mafiriji, ma TV ndi mawaya a m'nyumba za pafupi zimafa msanga.

Mphuno musaidalire. Imamva fungoli likadali lochepa kwambiri, koma likafika cha pa 100 ppm mphuno imafa dzanzi, munthu n'kuganiza kuti mpweya watha pamene wafika poti ungamuphe. Ppm imodzi ndi gawo limodzi pa magawo 1 miliyoni a mpweya. Gulu lililonse la antchito likhale ndi kachipangizo koyezera hydrogen sulphide, kovala pachifuwa, osati pachisoti, chifukwa mpweyawu ndi wolemera ndipo umakhala m'munsi. Malire a antchito ku European Union ndi 5 ppm pa maola 8 ndi 10 ppm pa mphindi 15; tcherani alamu pa manambala amenewo, ndipo ikalira aliyense asiye zida ndi kuyenda cholowera kumene mphepo ikuchokera. Masiki ya nsalu kapena ya fumbi siitchinga mpweya uwu ngakhale pang'ono. Pafunika masiki yokhala ndi zosefera za mtundu B wa hydrogen sulphide ndi K wa ammonia, zimene zimagulitsidwanso pamodzi monga ABEK.

Choopsa kwambiri ndi mulu wakale umene pamwamba pauma n'kuchita chikhakha. Mpweya umadzazana pansi pake, ndipo foloko kapena phazi likaboola umatuluka nthawi imodzi. Ku Brittany m'dziko la France, mu 2009, hatchi inafa ndipo wokwerapo anakomoka atatitimira mu ndere zobiriwira zovunda motere. Mulu wotero usaswedwe ndi manja, ndipo munthu asagwirepo yekha. Mnzanu akagwa, musathamangire kukamudzutsa opanda masiki yoyenera, mungagwe awiri. Amayi oyembekezera, ana, okalamba ndi odwala mphumu kapena mtima asagwire ntchitoyi. Onse avale majombo, magolovesi ndi malaya a mikono yaitali, chifukwa mu ndere mumakhala tizamoyo toyabwa, ndipo wa chilonda asalowe m'madzi ofiirirawo.

Kutchinga ndi kuwola zikadali m'madzi

Ndere zabwino koposa ndi zotengedwa pamadzi: zilibe mchenga ndipo sizinayambe kuvunda. Zikasiyidwa m'madzi osaya zimasandutsa madzi kukhala ngati tiyi, zimatseka dzuwa, zimamaliza okosijeni, ndipo udzu wa pansi, matanthwe a korali ndi nsomba zimafa.

Chotchinga choyandama chili ndi zigawo zinayi: zoyandamitsa pamwamba, ukonde kapena nsalu yolendewera pansi pake pafupifupi theka la mita mpaka mita imodzi, tcheni cholemetsa m'munsi, ndi anangula. Cholakwa chofala ndicho kuchiimika mopingasa ngati khoma. Ndere zimaunjikana, zimalemera, zina zimamira n'kudutsa pansi, zina zimakwera pamwamba, mapeto ake zingwe zimaduka. Chiikeni mopendeketsa kuti ndere zizitsetsereka m'mbali mwake kupita pamalo amodzi pomwe boti kapena lamba wonyamulira akudikira, ndipo muzichotsa tsiku lililonse. Chotchinga chopanda wochotsa chimangosamutsira kuvundako m'madzi, kapena kukankhira vuto kwa a gombe loyandikana nalo, ndipo pamenepo pamabuka milandu. Anangula azikidwe pamchenga, osati pa korali kapena pa udzu. Siyani mipata ya maboti ndi ya akamba. Palani nkhono ndi ndere zomera pa ukondewo mwezi ndi mwezi, apo ayi chimalemera n'kumira. Mkuntho ukalengezedwa, chizuleni. Pagombe la mafunde aakulu chotchinga sichigwira, ndipo ndi bwino ndalamazo zipite kwa anthu owola.

Maboti a asodzi omwewo angathe kuwola. Ku Dominican Republic kampani ya SOS Carbon inapanga zida zomangirira m'mbali mwa boti wamba, zokhala ndi maukonde odzaza boti likamayenda. Yendani pang'onopang'ono, ndipo ukonde uliwonse muukutumule musanamange kuti tiana ta akamba, nsomba ndi nkhanu zibwerere m'madzi. Musanayambe pezani chilolezo cha boma. Ku Mexico ntchito ya panyanja yakhala m'manja mwa asilikali a pamadzi kuyambira mu 2019.

Kuwola pamchenga

Yambani m'mamawa kusanatenthe, madzi ataphwa. Munthu wodziwa zisa za akamba ayambe wayenda gombe lonse ndi kuzika ndodo pa chisa chilichonse, popeza akamba amaikira mazira m'miyezi yomweyi. Pamenepo pasadutse gudumu. Gwiritsani mafoloko ndi mareki a mano otalikirana, osati mafosholo, ndipo foloko iliyonse muigwedeze mchenga utsike. Makina okumbira amachotsa msanga koma amatenga mchenga wambiri pamodzi ndi ndere, ndipo pakapita zaka zingapo gombe limapezeka litaphwa, nyanja ikunyambita maziko a nyumba. Ngati thalakitala ndi yosapeweka, ikhale ya matayala otambalala, yokoka makina osefa mchenga, iziyenda pamchenga wonyowa wolimba ndi kulowera njira imodzi yokha. Zatsopano ndi zovunda musaziike m'galimoto imodzi. Mapulasitiki achotsedwe pomwepo.

Malo osungira akhale kutali ndi nyumba, zitsime ndi mitsinje, kumbali imene mphepo imalowera. Pansi yalani pulasitiki yochindikala kapena simenti yotsetsereka pang'ono, yokhala ndi ngalande yopita m'dzenje lomatidwa. Madzi akuda otsika mu ndere ali ndi mchere ndi poizoni wotchedwa arsenic. Ku Yucatán m'dziko la Mexico, kumene nthaka ndi miyala ya laimu yobookabooka, madzi otere amalowa msanga m'madzi akumwa a pansi. Kutaya ndere m'nkhalango kapena m'mitengo ya mangrove yomera m'madzi a m'gombe ndiko kupha malowo.

Poyanika, yalani mopyapyala, masentimita 10 mpaka 15, ndi kutembenuza kawiri patsiku. Dzuwa likakhala labwino zimauma m'masiku atatu mpaka asanu. Zauma ngati zikuthyoka pofinya. Thandala la waya wa nkhuku ndi labwino kuposa pansi chifukwa mphepo imadutsa ndipo mchenga umagwa wokha. Mukaunjika mokhuthala, pamwamba pauma koma pansi pavunda. Zouma zilongedzeni m'matumba ndi kusanja pa mapaleti m'nyumba youma, chifukwa mchere umakoka chinyezi.

Arsenic: yezetsani musanalonjeze aliyense kanthu

Ndere izi zimakulira m'madzi osowa phosphate, chakudya cha zomera, ndipo pofunafuna phosphate zimamezanso arsenate, mtundu wa arsenic umene umafanana naye m'kapangidwe. N'chifukwa chake zili ndi arsenic wambiri, ndipo gawo lalikulu ndi la mtundu woopsa kwambiri wotchedwa inorganic. Kafukufuku wa ku magombe a Mexico wofalitsidwa mu 2020 anapeza mamiligalamu 24 mpaka 172 pa kilogalamu ya ndere zouma, ndipo zitsanzo 86 pa 100 zinaposa 40, amene ndi malire a European Union pa ndere zodyetsa ziweto. Mumapezekanso cadmium, chitsulo chimene nachonso ndi poizoni. Ku Martinique ndi Guadeloupe ndere zokocheza m'malo ena zimatenganso chlordecone, mankhwala amene ankathiridwa m'minda ya nthochi kuyambira 1972 mpaka 1993.

Ife tikunena mosabisa: musadye, musadyetse ziweto, ndipo musathire m'dimba la ndiwo ndere zimene sizinayezedwe. Tengani timanja khumi m'malo osiyanasiyana a mulu, sakanizani, umitsani, ikani theka la kilogalamu m'thumba la pulasitiki loyera, lembani tsiku ndi malo, ndipo pemphani labotale iyeze arsenic yense, arsenic wa inorganic payekha, cadmium, lead ndi mchere. Chiwerengero chimasintha ndi nyengo ndi malo, ndiye kuyeza kwa chaka chatha sikuimira ndere za lero. Kuviika m'madzi opanda mchere kumachepetsa mchere ndi arsenic, ndipo madzi otentha amachotsa wochuluka, koma arsenic sasowa, amangosamukira m'madziwo. Madzi akumwa saloledwa kupitirira mamaikulogalamu 10 pa lita malinga ndi WHO, choncho madzi otsukira asatayidwe pafupi ndi chitsime.

Manyowa

Tsukani ndere kapena zisiyeni pathandala mvula izikhe kawiri katatu. Sakanizani, poyeza ndi ndowa, gawo limodzi la ndere, magawo awiri a zouma monga utuchi, masamba kapena tizidutswa ta mitengo, ndi gawo limodzi la ndowe kapena zomera zaziwisi. Zoumazo ndi zimene zimalowetsa mpweya. Popanda izo mulu umaphwa n'kukhala phala lonunkha. Mulu ukhale mita imodzi ndi theka m'lifupi ndi kupitirira pang'ono mita m'mwamba. Chinyezi chikhale choti mukafinya m'manja kadontho kamodzi kapena kawiri katuluke. M'masiku ochepa pakati patenthe kufika madigiri 55 mpaka 65. Tembenuzani sabata iliyonse mwezi woyamba, kenako masabata awiri aliwonse. Manyowa amapsa m'miyezi itatu kapena inayi. Mukamva fungo la mazira oola, wonjezerani zouma ndi kutembenuza muli kumbali yochokera mphepo. Mulu ukapanda kutentha, mwina wauma, mwina ndowe zachepa, mwina mchere wachuluka.

Musanagulitse, fesani nyemba 20 m'manyowawo osakaniza ndi dothi ndi zina 20 m'dothi lokha. Za m'manyowa zikamera zochepa kapena nsonga za masamba zikapsa, mchere ukadalimo. Kuyesa kumeneku sikuonetsa arsenic. Ameneyo ndi wa labotale basi, ndipo muyezetse manyowa opsawo, osati ndere zokha, popeza mulu ukamaphwa arsenic ndi zitsulo zapoizoni zimatsala. Msika wosaopsa ndi wa maluwa, kapinga, mbande za mitengo ya matabwa ndi kubwezeretsa zomera pa milu ya mchenga ya m'gombe. Ku Saint Lucia, kampani ya Algas Organics, imene Johanan Dujon anayambitsa mu 2014, imapanga madzi olimbikitsa mbewu kuchokera ku sargassum, koma imadutsa njira yochotsa zitsulo. Kungoviika ndere mu diramu n'kuthira pa tomato si chinthu chomwecho.

Njerwa

Njira iyi timaikonda chifukwa palibe amene amadya khoma. Ku Puerto Morelos m'dziko la Mexico, Omar Vázquez Sánchez anamanga nyumba yoyamba ya njerwa za sargassum mu 2018, ndipo njerwa zake, zotchedwa Sargablock, zili ndi ndere pafupifupi magawo 40 pa 100. Dothi limasiyana malo ndi malo, choncho musangotengera nambala imeneyo. Umitsani ndere, zipereni mpaka tizidutswa tosapitirira sentimita imodzi, wopera atavala masiki ya fumbi. Umbani magulu atatu a njerwa khumikhumi, ena a ndere 10 pa 100, ena 20, ena 30, zotsalazo likhale dothi, poyeza ndi ndowa. Dothi likhale lonyowa pang'ono chabe ndipo litsenderedwe ndi makina opanira zidina. Chikombole cha manja chimasiya mipata yambiri. Umitsirani pamthunzi masiku oyamba kuti zisang'ambike. Mukathira simenti kapena laimu pang'ono, zifundikeni ndi kuwaza madzi sabata yoyamba, ndipo dikirani masiku 28 musanaziyese. Gwetsani njerwa kuchokera m'chiuno, viikani ina m'madzi usiku wonse, ndipo gulu lopambana mulipititse kukayezedwa mphamvu ku labotale ya zomangamanga. Ndere zosatsuka zimatulutsa ufa woyera wa mchere pakhoma, pulasitala n'kumasupuka. Mchere womwewo umadyetsa zitsulo dzimbiri, choncho ndere zisalowe mu konkire ya nsanamira kapena ya lintala. Maziko akhale a miyala kapena konkire, ndipo denga likhale ndi khonde lotchinga mvula.

Gasi, makala ndi za m'fakitale

Sargassum payokha ikavunditsidwa mu thanki imapereka gasi woyaka wochepa, chifukwa mchere, ulusi wolimba ndi mankhwala ake achilengedwe zimafooketsa tizilombo topanga gasiyo, wotchedwa methane. Iyenera kutsukidwa, kuperedwa ndi kusakanizidwa ndi zina. Ku Barbados gulu la Dr Legena Henry linasakaniza ndere, madzi otsala pofulula mowa wa ramu ndi ndowe za nkhosa za Blackbelly, ndipo mu 2024 linayendetsa galimoto ndi gasi ameneyo. Mu thanki imene ikugwira kale ndi ndowe, yambani ndi ndere gawo limodzi pa magawo khumi, ndi kuwonjezera pang'onopang'ono mukuona ngati gasi sakutsika. Gasi wake ali ndi sulphur wambiri, ndiye adutse m'chitini cha zipalo za chitsulo asanafike ku injini kapena ku mbaula. Matope otsala mu thanki ali ndi arsenic yemwe uja ndipo ayezedwe ngati manyowa.

Kuotcha ndere poyera musayese: sizipsa bwino, zimasiya phulusa lambiri, ndipo gawo la arsenic limapita mu utsi. Makala ake amapangidwa m'ng'anjo zotseka pa madigiri 400 mpaka 600, zokhala ndi zosefera utsi, ndipo ntchito yake ndi yosefera madzi oipa kapena kusakaniza m'zomangira, osati yootchera nyama.

Alginate, amene amalimbitsa zinthu m'mafakitale a nsalu, mapepala ndi zodzola, amapezekamo, ngakhale ndi wochepa poyerekeza ndi wa ndere zazikulu za m'madzi ozizira. Imeneyo ndi ntchito ya makampani monga Origin by Ocean. Gawo la anthu a m'mudzi ndilo kupereka ndere zatsopano, zopanda mchenga ndi pulasitiki. Musanawole tani imodzi, lemberanani ndi wogula za chinyezi chimene akulola, kuchuluka kwa mchenga, maola ochokera pamene zawoledwa, ndi amene alipire galimoto.

Poyala bizinesi, kumbukirani kuti ndere sizibwera mofanana. Mu 2013 sizinaoneke n'komwe pa lamba uja, pamene 2015, 2018 ndi 2022 zinasefukira, ndipo ngakhale m'chaka chochuluka pali miyezi imene gombe limakhala loyera. Makina operera ndi opanira agulidwe oti angagwirenso ntchito ndi zinthu zina monga makoko a kokonati, zotsala za nzimbe kapena utuchi, ndipo nyumba yosungira zouma ikhale yokwana kudyetsa makinawo kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale.